Batire la Mazda Roadster lili m'buti, ndingalisinthe ndekha pakhomo?

MwanaWaMichiru (Chilomoni):

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za magalimoto.

Ndili ndi Mazda Roadster ya 2001, ija ya mipando iwiri yotsegula denga, imene ena amaidziwa kuti MX-5. Inali ya malemu malume anga. Anachita kuiitanitsa ku Japan, inatsikira pa Dar es Salaam, iwo eni n'kukailandira pa Songwe. Atatisiya, akazi awo anandipatsa makiyi nati ndiisamale monga ankachitira mwini wake. Kuntchito ku Ginnery Corner ndimakwera minibasi, galimotoyi ndimaitulutsa Lamulungu lokha tikaweruka kutchalitchi, kukafika kuminda ya tiyi ku Thyolo n'kubwerera.

Mafuta atavuta inakhala milungu isanu osalira. Lamulungu lapitali nditapotokola kiyi, magetsi a pa dashboard anangoyaka mofooka, kenako tche-tche-tche, basi zii. Tinaijampa ndi Vitz ya aneba, inalira, ndinayenda mpaka pa Kameza n'kubwerera. M'mawa mwake yafanso.

Batire la galimotoyi silili kuboneti. Lili m'buti, chakumanja, lobisika ndi kapeti. Ndi lalifupi, lalembedwa S46A24L, lilibe zotsekera zothirirapo madzi, ndipo pali kapaipi ka labala kochokera pabatirepo kolowera pansi pa galimoto. Ndazungulira mashopu anayi ku Limbe, onse akuti lotere alibe, nditenge batire wamba la NS60 ndi chimodzimodzi. Mtima wanga sukuvomera. Kuikokera kugalaja ndi chingwe sindikufuna, ndi yotsika kwambiri ndipo msewu wolowera kwathu mvula inaukumba, bampala ikhoza kutsala pamwala.

Ndiye kodi ndingalisinthe ndekha pakhomo? Ndiyambe kumasula waya uti? Nanga kapaipi kaja n'kachiyani, NS60 yopanda poikapo kapaipi ili bwino?

MadalaWaMawaya (Ndirande):

Achimwene, pepani ndi za malume. Ntchito imeneyi mutha kuigwira nokha, sipanala 10 imodzi ndi mtima wodekha zikwanira. Ine ndakalambira pa magetsi a galimoto, ndipo ndikuuzeni kuti ndalama yanu musaitulutse kaye musanadziwe chimene chapha batirelo.

Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi. Galimoto itagona usiku wonse, batire lamoyo limaonetsa ma volt 12.6 kapena chapafupi pomwepo. Likamaonetsa 12.0 ndiye kuti latsala pang'ono kuuma. Mukatero ijampeni, injini ikulira muyezenso pamitu ya batire. Pakhale pakati pa 13.8 ndi 14.4. Pakangokhala 12 yomweyo, vuto ndi alternator, chija chimatchaja batire injini ikamalira, kapena lamba wake, ndipo batire latsopano lidzafa sabata isanathe, inu n'kumati akugulitsani lachinyengo. Kuyenda kuchoka ku Chilomoni kukafika pa Kameza sikungadzaze batire limene linauma kotheratu. Limafuna tchaja, usiku wathunthu, magetsi akakhala kuti alipo. Koma litakhala milungu ingapo louma, nthawi zambiri siliukanso bwino, m'kati mwake mumakhala mutamata kale.

Tsopano kapaipi kaja. Musakataye. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umayaka msanga kwambiri. Kuboneti mphepo imauchotsa yokha. M'buti ndi motsekeka, ndipo pa galimoto yanuyo buti ili kumsana kwanu kwenikweni. A Mazda anaika batire lomata, lija amati AGM, limene asidi wake anamwerera m'kansalu ka galasi moti satayika, n'kuliikira kapaipi kotulutsira mpweya kunja. NS60 yazotsekera pamwamba imapuma m'buti momwemo. Nthunzi ya asidi imadya chitsulo pang'onopang'ono. Ndinagwirapo galimoto ina yotere, titanyamula kapeti tinapeza pansi pa batire pataboweka, chala chikulowa, fumbi la msewu likukwera m'buti. Mwini wake sankadziwa n'komwe.

Chinanso, NS60 ndi yaitali msinkhu kuposa lanulo, ndipo zambiri mitu yake ndi yopyapyala, zomangira zanu zikakhwepa. Ngati S46A24L lasowa, funani lomata lokhala ndi kabowo m'mbali kolowetsamo kapaipi. Pitani ndi tepi, yezani kutalika, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo jambulani lakalelo pafoni kuti muone mbali imene kuli positive. Mawaya a m'butimo ndi aafupi, batire la mitu yosemphana silifika.

Pomasula: zimitsani zonse, kiyi ali m'thumba, buti ili chitsegulire, pasakhale wosuta fodya kapena mbaula pafupi. Yambani ndi negative, wakuda uja womangidwa ku bodi. Chifukwa chake n'chakuti bodi yonse ya galimoto ndi negative. Mukayamba ndi positive, sipanala ikangokhudza chitsulo chilichonse mwapanga shoti, ndipo m'butimo malo ndi opanikizika, chitsulo chili paliponse. Negative akachoka, mupindireni kutali asabwerere yekha pamutu wa batire. Kenako positive, kenako chomangira, kenako solani kapaipi pang'onopang'ono chifukwa labala wakale amathyoka. Pobwezera mumayamba ndi positive, negative n'kumalizira. Akamathetheka pang'ono pomaliza musaope, zimatero.

NaPhiriWaKuNyambadwe:

Achimwene, zimene anena a Madala ndi zoona. Ine ndingowonjezera za manja anu. Vulani mphete ndi wotchi musanayambe. Mlongo wanga ankamanga batire la pickup atavala mphete yaukwati, sipanala inakhudza bodi, mphete ija inatentha nthawi yomweyo n'kumuwotcha chala kuzungulira. Chipsera chilipo mpaka lero. Valaninso magalasi, ngakhale adzuwa, ndi magolovesi.

Pamitu pakakhala zoyera kapena zobiriwira ngati ufa, sungunulani soda uja timathira m'therere, supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda, n'kutsuka zomangira ndi mswachi wakale. Zimachita thovu, zikasiya thovu ndiye kuti asidi watha. Popeza ndi m'buti, yalani nsanza pansi madzi asalowe m'kapeti, ndipo pukutani paume gwa. Mukamanga, pakani Vaseline pang'ono pamwamba.

Pogula chenjerani. Ine ndinagulapo batire pamalo ena m'tauni muno, lowala bwino, la mu pulasitiki. Miyezi itatu lafa. Amene anandiyang'anira anandionetsa mitu yake, inali ndi mikwingwirima ya zomangira zakale, kusonyeza kuti linagwirapo ntchito, anangolitsuka. Risiti ndinalibe, ndalama inapita. Muuzeni wogulitsa aliyeze inu mukuona, akulembereni risiti ya tsiku ndi khadi la waranti, ndipo muone deti limene linapangidwa. Batire limakalamba ngakhale lili pashelefu.

Mwayi wanu ndi wakuti galimoto ya 2001 ilibe zambiri. Ma BMW atsopanoko, amene batire lawo limakhalanso m'buti, ukasintha umayenera kuuza kompyuta ya galimoto kuti muli batire latsopano, apo ayi imalitchaja ngati lakale. Yanuyo mukangomanga mwatha, kungokonzanso wotchi ndi masiteshoni a wayilesi.

Jah_Bangwe:

Akulu, musazitenge movuta. Batire ndi batire. Ine Altezza yanga ndinasamutsira batire m'buti chifukwa cha ma speaker, ndinaika wamba, ndinamanga ndi mphira wa chubu, chaka chachiwiri chino palibe chachitika. La AGM lo mukalifunafuna mpaka liti, ndipo mtengo wake mukaumva mudzakhala pansi. Ikani NS60, pamitu pakakhwepa pindani kachitini ka Fanta mulowetsepo, galimoto iyende. Zinthu zakwera, tizichita zimene tingathe.

MadalaWaMawaya (Ndirande):

Mphwanga wa ku Bangwe, za mtengo ndikukumva, tonse tikulira nazo. Koma mphira wa chubu ukachotse sabata ino, ndikukupempha. Batire lija ndi lolemera makilogalamu oposa khumi. Tsiku lina udzaponda buleki mwadzidzidzi pa Chipembere Highway, kapena udzamenya hampu usiku, mphira udzatamuka, batire lidzagwa, positive n'kukhudza bodi. Pamenepo palibe fiyuzi yokuteteza, waya amafiira mpaka kapeti kuyaka, ndipo thanki ya petulo ili chapomwepo. Chaka chachiwiri osaona kanthu sindikukana, koma nyamula kapeti uone pansi pake, ununkhizenso m'butimo dzuwa la Okutobala likawomba.

Kachitini nakonso kamadyeka ndi asidi, pakapita miyezi galimoto imayamba kukana kulira m'mawa wa chiperoni, iwe n'kumaganiza kuti sitata yatha. Tizitsulo tokulitsira mitu yopyapyala timagulitsidwa m'mashopu a zipangizo ndipo sitidula.

A ku Chilomoni, ndinaiwala chinthu chachikulu. Batire labwino silifa chifukwa cha milungu isanu yokha, pokhapokha ngati linali lokalamba kale kapena pali chimene chikuba moto galimoto itazima. Yambani ndi getsi la m'buti ngati lilimo: ikani foni ikujambula kanema m'katimo, tsekani, tsegulani, muone ngati linazima. Kenako tchajani batire, masulani negative, ikani mita pa 10A, poyezera ma amp a moto umene ukutuluka, muilumikize pakati pa mutu wa batire ndi waya uja, zitseko zotseka, kiyi kunja. Musayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo, ipsa. Ikaonetsa 0.05 kapena kutsikirapo zili bwino. Ikapitirira, zulani mafiyuzi imodziimodzi mpaka nambala igwe. Kodi wayilesi ndi yomwe inabwera ndi galimoto?

MwanaWaMichiru (Chilomoni):

Ndabweranso, zikomo kwambiri nonse. Ndinadikira Loweruka kuti ndichite masana kukuwala.

A Madala, funso lanu lomaliza lija ndiye linali pamutu pa nkhani. Wayilesi si yoyambirira. Ya ku Japan imalekezera pa 90, masiteshoni ambiri akuno sinkagwira, choncho malume anaisinthitsa. Alternator ili bwino, inaonetsa 14.2. Koma nditaika mita monga munanenera inaonetsa 0.12. Ndinazula mafiyuzi, nditafika pa yolembedwa ROOM inagwa mpaka 0.01. Nditasolola wayilesi ndinapeza kuti amene anaiika anapota pamodzi waya wofiira ndi wachikasu n'kukulunga tepi, onse akudya moto wosazima. Wachikasu ndiye woyenera kukhala ndi moto nthawi zonse kuti wayilesi isaiwale masiteshoni, wofiira amayenera kulandira moto kiyi akatembenuzidwa. Ndawerengera, 0.12 pa maola 24 ndi pafupifupi ma Ah atatu tsiku lililonse (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), pa sabata imodzi ndi ma Ah 20, pamene batire laling'ono ngati ili silifika ndi 40 komwe. Ndiye kuti Lamulungu lililonse ndinkaliza galimoto batire lili pakati, osadziwa. Malume ankaiyendera tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake kwa iwo sizinkaoneka. Mawayawo ndawalekanitsa, tsopano mita ikuonetsa 0.02.

Lakale ndinalitchaja usiku wonse, linafika 12.5, koma pofika madzulo linali pa 11.9 lili lokha pakhonde losamangidwa kulikonse. Latha ndithu.

S46A24L sindinalipeze. Ndinapeza lomata lokhala ndi kabowo m'mbali, ndinapita ndi tepi ndi chithunzi monga munandiuzira, ndipo analiyeza ine ndikuona, 12.6, risiti ndi khadi ndasunga, zikomo achemwali a ku Nyambadwe. Ndi lalitaliko pang'ono, moti chomangira chinakana kufika, ndinakagula bawuti yaitali n'kumanga bwinobwino. Ndaligwedeza ndi manja awiri, silisuntha, ndipo pamutu wa positive ndabwezerapo chipewa chake chofiira. Kapaipi kakale kanathyokadi posola ngakhale ndinachita mosamala, kanali kouma ngati kamtengo. Ndaikapo kapaipi katsopano ka madzi a ma wiper, kanalowa kothina bwino, ndakatulutsira pa bowo lomwe lija pansi. Chimene chinandikhudza n'chakuti nditachotsa batire lakale ndinapeza pansi pake pali poyera, popanda dzimbiri ngakhale pang'ono, ndipo pambali pake malume analembapo ndi penti yoyera tsiku limene analiika, dzanja lawo lenileni. Inenso ndalemba langa pa latsopanoli.

Italira koyamba injini inkakwera n'kutsika kwa mphindi zingapo, ndinachita mantha, koma nditazungulira mpaka ku Chirimba inakhazikika.

Latsala ndi batire lakaleli. Mnyamata wina woyandikana nafe akulipempha kuti akatsegule, akhuthule za m'kati, athiremo asidi wina azitchajira mafoni. Ndimupatse?

MadalaWaMawaya (Ndirande):

Mwagwira ntchito yaukhondo, achimwene. Za injini zija musadandaule, kompyuta imaiwala moto ukachoka, imaphunziranso yokha.

Mnyamatayo musamupatse. Lomata silithiridwa asidi, ndipo akaliswa, mtovu wa m'katimo ndi poizoni, makamaka kwa ana amene amasewera pa dothi pomwepo. Lisungeni choimirira pamalo ouma pomwe ana safika, mukalipereke kushopu imene munagula latsopano kapena kwa ogula mabatire akale, ena amakupatsaniko kangachepe.

Mafuta akadzavutanso galimoto n'kuima kupitirira milungu iwiri, masulani negative yekhayo, mumukulunge kansanza. Ndipo mwezi ukatha mudzayang'anenso kapaipi katsopanoko, ka ma wiper nthawi zina kamavuka ndi mabampu a msewu wa ku Thyolo.