Ana anayi okha, ndipo akuti ndichite maere: ndithandizeni

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndine mphunzitsi kuno ku Mzuzu, ndipo ndikuchita kafukufuku wa masters pa ana a Sitandade 3 ovutika kuwerenga maphatikizo. Ana ndi anayi okha, ndiye ndatenga multiple baseline: tsiku lililonse ndiziwerengera mawu amene mwana aliyense wakhoza pa mphindi imodzi, koma chithandizo aziyamba mmodzimmodzi.

Asupavaiza akuti woyamba ndi wotsatira asankhidwe mwa maere, monga analimbikitsira akatswiri a kafukufuku Kratochwill ndi Levin mu 2010. Chifukwa chake ndachimva. Ndikasankha ndekha ndithamangira mwana amene watsika kwambiri sabata imeneyo, ndipo akakwera sitidziwa ngati yamukweza ndi njira yanga kapena akanakwera yekha.

Koma pali mtsikana wina amayenda wapansi kuchokera ku Mchengautuba, ngakhale mvula ya kuno mukuidziwa. Mpaka pano "mba" ndi "mbwa" zimamusokoneza. Maere akamuponya kumapeto, ndikhala ndikungomuyesa masabata angapo osamuthandiza. Zikundiwawa. Ndingamuike poyamba, maere akhale a atatu enawo?

Yankho loyamba:
Aphunzitsi, onani masamu ake. Ana anayi mungawandandalike m'njira 24, choncho pa randomization test (kuyerekeza zotsatira zanu ndi za mindandanda yonse imene maere akanapereka), p yotsikitsitsa ndi 1/24, pafupifupi 0.042. P imeneyi ndi mwayi woti zotsatira ngati zanu zituluke mwangozi chabe, ndipo imafunika ikhale pansi pa 0.05. Mukamuchotsa mtsikanayo mwatsala ndi njira 6, ndipo p singatsike kuposa 0.167. Ngati mtima wakana ndithu, onani njira ya Koehler ndi Levin ya 1998. M'njira imeneyi maere amasankhanso tsiku loyambira. Aliyense mwa atatuwo akakhala ndi masiku awiri oti angayambire, masikuwo angasankhidwe m'njira 8 (2 × 2 × 2), ndipo 6 kuchulukitsa ndi 8 zikupereka njira 48. Koma mulembe poyera mu lipoti kuti mmodzi munamusankha nokha.

Yankho lachiwiri:
Mayi, ine ndinganene kuti musamuchotse, mungofupikitsa kudikirako. What Works Clearinghouse, bungwe la ku America lounika kafukufuku wa zamaphunziro, m'malamulo ake a 2010 inkafuna miyeso yosachepera 5 pa gawo lililonse, kutanthauza mwana asanayambe chithandizo komanso atayamba. Woyamba ayambe tsiku la 6, enawo azitalikirana masiku atatu, womaliza ayamba la 15. Maphunziro ake a m'kalasi akupitirirabe nthawi yonseyi. Tipepala ta maere mutolere pamaso pa ahedi musanayese mwana ndi mmodzi yemwe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Tsiku la 15 ndingapirire. Nanga mwana akajomba tsiku lomwe maere amupatsa, ndiyambe naye mawa lake kapena ndiwerenge tsikulo ngati wayamba kale?