Kodi madontho a GPS ndiwasunge motani pa foni ya memory yochepa?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndikulemba pulogalamu ya pa foni yothandiza alangizi a zaulimi kupeza minda ya tiyi ya alimi ang'onoang'ono kuno ku Mulanje. Mlangizi akajambula kabokosi pa mapu, pulogalamuyo iyenera kumuonetsa minda yonse imene ili m'kati mwake, ngakhale ali m'tsinde mwa phiri kumene netiweki imavuta.

Ndinayamba ndi k-d tree, njira yosanja madontho ngati mtengo wa nthambi kuti azipezeka msanga, imene Jon Bentley anafalitsa mu 1975, koma ndaona kuti dontho limodzi la munda limatenga mabayiti 8 okha a memory pamene ma pointer awiri (manambala olozera kumene kuli nthambi zake) amadya 16, moti dzana pulogalamu inazima yokha ndili pakati pa munda, mlimi akundiyang'ana. Range tree, mtundu wina wa mtengo wotere, imafufuza msanga ndithu, koma imasunga dontho lililonse kangapo, choncho ndinaisiya.

Popeza minda sisinthasintha, kodi ndisanje mtengo wonsewo mu array (mndandanda wotsatizana mu memory) imodzi yopanda ma pointer, kapena ndindandalike madontho motsatira Morton code, nambala imodzi yopangidwa posakaniza manambala awiri a malo a dontho? Nanga alipo amene anagwiritsapo ntchito R-tree (mtengo wosanja malo m'timabokosi) ya mu SQLite, pulogalamu yosungira deta, pa foni yotchipa ya Android, ndipo inkayankha mwachangu bwanji?