Funso: kodi tripod yakale ndingaiike bwanji puleti yochotsera kamera msanga?

Wofunsa, Rosettenville:

Akuluakulu ndi anzanga onse ojambula amene muli pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani ya tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimajambula zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mpingo ya Amalawi anzathu. Tripod imene ndimagwiritsa ntchito ndi yakale, ya aluminiyamu, ndipo ndinaigula kwa munthu amene anasiya ntchito yojambula. Miyendo yake ndi yolimba kwambiri moti ngakhale mphepo ya mu Ogasiti siigwedeza, n'chifukwa chake sindikufuna kusiyana nayo. Vuto lili kumutu kwake, chifukwa kulibe puleti yochotseka. Pali malo afulati omatidwa labala ndi sikuluwu imodzi yotulukira pakati, imene ndimaizungulitsa ndi kagudumu ka pansi mpaka kamera itakhazikika.

M'tchalitchi zimenezi sizivuta, popeza kamera imakhala pamalo amodzi mpaka abusa atamaliza kudalitsa ukwati. Zimavuta ku holo pa nthawi ya perekaniperekani, pamene ankhoswe, azakhali ndi anzake a mkwatibwi akudzuka kudzavina uku akuponya ndalama. Pamenepo ndimafunika kuchotsa kamera pa tripod kuti ndilowe nayo pakati pa anthu, kenako n'kuibwezeretsa wamkulu wina akangotenga maikolofoni, ndipo nthawi imene ndimataya pomasula ndi kumanganso imandiphonyetsa zithunzi zimene eniake a mwambo amadzazifunsa pambuyo pake. Ndikuopanso kuti kumangamanga kotereku kudzadya mazinga a kunsi kwa kamera.

Kamera yanga ndi Canon EOS 700D yokhala ndi lenzi ya 18-135 mm, ndipo nthawi zina ndimabwereka lenzi ya 70-200 mm. Mnzanga wina wowotcherera zitsulo wandiuza kuti akhoza kundipangira puleti ndi bawuti ya M6 pa mtengo wochepa. Kodi nditsate maganizo amenewa, kapena pali chipangizo chogula chimene chingakwane pamutu wakalewu popanda kuboola chilichonse? Ndalama zimene ndingakwanitse sizipitirira R1,000.

Bambo wina wojambula, Randburg:

Achimwene, musalole kuti bawuti ya M6 iyandikire kamera yanu. Dzenje la kunsi kwa kamera lili ndi mazinga a muyezo wa inchi, otchedwa 1/4-20, kutanthauza kuti sikuluwu yake ndi yonenepa kotala ya inchi, ndiwo mamilimita 6.35, ndipo ili ndi mazinga 20 pa inchi iliyonse. Bawuti ya M6 imaoneka yofanana nayo ndipo imalowa poyamba, koma mazinga ake ndi oyandikana kwambiri, moti mukaikakamiza imadula mazinga a kamera. Mashopu a zomangira a kuno ku South Africa amagulitsa kwambiri mabawuti a mamilimita, kotero mnzanuyo, ngakhale ali ndi mtima wothandiza, adzatenga imene ili pafupi.

Chimene mukufuna chilipo kale, ndipo simufunika kuboola. Gulani clamp, ndicho chopanira chimene chimagwira puleti, yokhala ndi dzenje la mazinga kunsi kwake, muimange pa sikuluwu ya tripod yanu ngati mmene mumamangira kamera, ndipo muisiye pomwepo. Puleti yake muimange kunsi kwa kamera, nayonso ikhale pomwepo masiku onse. Kwa ntchito yanu ya maukwati ndikukulangizani Manfrotto 323, imene imabwera ndi puleti ya 200PL, mtundu umene umatchedwa RC2. Ubwino wake ndi wakuti mukatsegula chogwirira chimakhala chotseguka, ndipo mukalowetsa puleti n'kuidinikiza chimatseka chokha, mukumva kulira kwake. Chilinso ndi kachitsulo kachiwiri koteteza kuti chogwiriracho chisatseguke ngati wovina wina wachikhudza ndi chigongono. Kunsi kwake kumalandira sikuluwu za miyezo iwiri, ya 1/4 ndi yonenepapo ya 3/8 ya inchi, ndiye chimakwana pa tripod iliyonse.

Mayi wojambula maukwati, Kempton Park:

Pa nkhani ya M6 ndikugwirizana ndi bambo a ku Randburg kotheratu, koma pa mtundu wa puleti ndikuona mosiyana. Ine ndingasankhe mtundu wa Arca-Swiss, umene puleti yake ndi yotambalala pafupifupi mamilimita 38 ndipo m'mbali mwake ndi mosemedwa mopendekera madigiri 45, kotero clamp imaigwira mbali zonse ziwiri m'litali mwake. Makampani ambiri amapanga mapuleti a mtundu umenewu, zomwe zikutanthauza kuti mukhoza kugula yachiwiri ndi yachitatu motchipa, ndipo mitu yambiri ya tripod imene ikugulitsidwa masiku ano imalandira mtundu womwewu. Mukadzagula gimbal (chogwirira choletsa kamera kugwedezeka) kapena monopod (choimikapo kamera cha mwendo umodzi) m'tsogolo muno, nthawi zambiri simudzafunika kusintha puleti ya pa kamera.

Chifukwa changa chachikulu ndi zithunzi zoimika. Tikatenga akwati kupita nawo ku Johannesburg Botanical Garden ku Emmarentia kapena ku Zoo Lake, zithunzi zambiri za awiriwo timajambula kamera itaimirira, ndipo apa m'pamene puleti wamba imaonetsa kufooka kwake, chifukwa kulemera kwa lenzi kumapotoza kamera pang'onopang'ono pa sikuluwu imodzi ija mpaka lenzi itayang'ana pansi. Mu mtundu wa Arca muli mapuleti okhala ndi kamlomo kotchinga kumbuyo kwa kamera kuti isapotoke, mulinso L-bracket, puleti yopindika ngati chilembo cha L, imene imakulolani kuimika kamera pamwamba penipeni pa mutu wa tripod m'malo moipendeketsa kumbali.

Chenjezo langa ndi lakuti mtundu wa Arca ulibe muyezo umodzi wokhazikitsidwa ndi lamulo, ndipo mapuleti a makampani osiyana amasiyana pang'ono m'lifupi. Choncho mugule clamp yomanga ndi kagudumu, chifukwa imagwira puleti iliyonse, pamene clamp yotseka ndi chogwirira imatha kugwira ina mothina, ina mokhwefuka. Ndikuvomereza kuti kagudumu kamachedwa pang'ono poyerekeza ndi RC2 yotseka yokha.

Bambo wina wojambula, Randburg:

Amayi anena zoona pa L-bracket, ndipo sindikutsutsa. Ndikungokumbutsa kuti wofunsayu vuto lake ndi liwiro m'holo yodzaza anthu, nthawi zina mopanda kuwala kokwanira, ndipo m'malo otere clamp yotseka yokha imachepetsa ngozi yoiwala kukhwimitsa kagudumu. Ngati mtima uli pawiri, pali puleti ya Manfrotto yotchedwa 200PL-PRO imene inapangidwa kuti izilowa mu RC2 komanso mu clamp za mtundu wa Arca.

Mmisiri wa makina, Germiston:

Ine si wojambula wamalonda, ntchito yanga ndi ya makina m'fakitale, koma ndinachitapo zomwezi pa tripod yakale ya kunyumba ndipo pali zinthu zimene sizinatchulidwe. Muyambe mwayeza m'lifupi mwa malo afulati a pamutu wa tripod yanu. Mitu yakale yambiri ili ndi malo otambalala, pamene clamp ya Arca ndi yaifupi msinkhu, ndiye mukaikhazika pakati kagudumu kake kamatha kugunda malo afulatiwo n'kukanika kuzungulira, kapena zala zanu zimasowa polowa. Musankhe clamp ya kagudumu kotalika khosi, kapena muitembenuze kuti kagudumu katulukire kunja kwa m'mphepete, mbali imene kulibe chogwirira chowongolera mutu.

Kenako muone labala wa pamwambayo. Akakalamba amauma n'kuyamba kuterera, ndipo clamp yomangidwa pa sikuluwu imodzi imazungulira mukamatembenuza kamera. Ngati wauma, mumatule, mupukute guluu wakale, ndipo mumate labala watsopano wopyapyala, ngakhale wodulidwa ku chubu cha njinga. Musaike wokhuthala, chifukwa amanjanja ndipo amafupikitsa gawo la sikuluwu limene likulowa mu clamp.

Pa mankhwala okhwimitsa mazinga, anthu ambiri amathamangira Loctite osasiyanitsa mitundu. Wabuluu, monga 243, amamasuka ndi zida zamanja, koma wofiira, monga 271, amafuna kutenthedwa kuti amasuke, ndiye sayenera pa ntchito iyi. Dontho limodzi la wabuluu pa sikuluwu yolowa mu clamp ndi lokwanira. Musamuike pa sikuluwu yolowa mu kamera, ndipo asadonthere pa pulasitiki, chifukwa mitundu ina ya pulasitiki imang'aluka ikakhudzana naye.

Ngati mnzanu wowotcherera akufunabe kuthandiza, adziwe kuti kutalika kwa sikuluwu nakonso n'kofunika. Mabuku a makamera a Sony amachenjeza kuti sikuluwu ya tripod isafike mamilimita 5.5, chifukwa yaitali imagunda kumapeto kwa dzenje kamera isanakhazikike, ndipo ikhoza kuwononga za m'kati. Puleti yogula imabwera ndi sikuluwu yoyezedwa kale, ndiye ine sindikuona phindu lopanga yanu.

Wofunsa, Rosettenville:

Zikomo kwambiri bambo, amayi ndi inu amisiri, maganizo a M6 aja ndawasiya. Ndayeza monga mwanenera, ndipo malo afulatiwo ndi otambalala ndithu, labala wakenso wauma moti akusweka m'makona. Ndapezanso chinthu chimene sindinkachidziwa: nditagwira mzati wapakati n'kupotoza mutu wonse mwamphamvu, mutuwo wamasuka, ndipo pansi pake pali sikuluwu ina yonenepa kuposa ya pamwamba. Kodi zikatero si kwabwino kungochotsa mutu wakalewu n'kugula wina wokhala ndi puleti kale? Funso lina ndi lakuti clamp za Arca zimene ndaziona pa shopu ya pa intaneti ya Takealot zambiri zalembedwa kuti dzenje lake ndi la 3/8, pamene sikuluwu ya pamwamba pa mutu wanga ndi yaing'ono ija. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti sizingakwane?

Mmisiri wa makina, Germiston:

Zikwana, achimwene. Pali kachitsulo kakang'ono kotchedwa reducer bushing, kokhala ndi mazinga a 3/8 kunja ndi a 1/4 m'kati, ndipo clamp zambiri zimabwera nako m'bokosi. Mukalowetse mu dzenje la clamp mpaka kabisale pang'ono, kasatulukire kunja, chifukwa kakatulukira clamp imakhala pa kachitsuloko m'malo mokhala pa labala, ndipo imagwedera. Dontho la wabuluu lija likhoza kupita pa mazinga akunja a kachitsuloka kuti kasamatsale pa sikuluwu mukamasula. Sikuluwu yonenepa imene mwaipeza pansi pa mutu mosakayikira ndi ya 3/8-16, pafupifupi mamilimita 9.5, ndipo umenewu ndi muyezo umene mitu yambiri imamangidwira ku miyendo.

Mayi wojambula maukwati, Kempton Park:

Kumasuka kwa mutuwo ndi nkhani yabwino, chifukwa zikusonyeza kuti tripod yanu idzakutumikirani zaka zambiri ngakhale mutuwo utatha. Koma kaya musinthe lero kapena ayi, zidalira mmene mutu wakalewo ukugwirira ntchito. Ikani kamera ndi lenzi, mupendeketse kutsogolo, mukhwimitse chogwirira, ndipo muyang'ane pa sikirini ngati chithunzi chikutsika mutachotsa dzanja. Kamera yanu ndi lenzi ya 18-135 mm zimangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndiye mutu wachitsulo wakale suyenera kuvutika nazo. Ngati ukugwira bwino, usungeni, chifukwa mutu watsopano wa ndalama zimene mwatchulazo nthawi zambiri umakhala wofooka kuposa wachitsulo umene muli nawo, ndipo ndi bwino kugula clamp yabwino ndi mapuleti awiri kusiyana ndi mutu wotchipa.

Pokhapokha ngati vidiyo ndiyo ikukubweretserani ndalama zambiri, pamenepo musunge ndalama za fluid head, mutu umene umayenda mofewa mukamatsata mkwati ndi mkwatibwi polowa m'holo. Mitu imeneyi imagwiritsa ntchito puleti yaitali yotsetsereka, monga 501PL ya Manfrotto, imene imakulolani kusunthira kamera kutsogolo kapena kumbuyo mpaka kulemera kutakhala pakati. Za kale zimapezeka pa Facebook Marketplace ndi Gumtree, koma muonetsetse kuti wogulitsa akukupatsani ndi puleti yomwe, popeza mitu yambiri yogulitsidwa kachiwiri imabwera puleti itatayika.

Wophunzira kujambula, Newtown:

Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa ntchitoyi, koma ndiwonjezere ziwiri zimene ndaona. Musanalipire, ikani puleti pa kamera ndipo mutsegule chitseko cha batire, chifukwa pa 700D chili kunsi, ndipo puleti yaitali ikachitseka mudzafunika kumasula puleti nthawi iliyonse batire ikatha. Chachiwiri, mapuleti ena a Arca amafuna Allen key kapena ndalama yachitsulo pomanga, ndiye musankhe yokhala ndi kamphete kopindika kunsi kwa sikuluwu, kapena Allen key azikhala m'chikwama cha kamera.

Bambo wina wojambula, Randburg:

Latsala ndi funso la lenzi yobwereka ija. Lenzi ya 70-200 mm isamalendewere pa kamera yomangidwa pa tripod, makamaka ikakhala ya f/2.8, imene imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Puleti yachiwiri imene amayi atchula muimange pa phazi la mphete imene imazinga lenziyo poimangira pa tripod, m'litali motsata lenzi, kuti kulemera kukhale pamwamba pa mutu wa tripod, ndipo pobwereka muzifunsa kuti mpheteyo ibwere nayo limodzi, chifukwa pa mitundu ya f/4 ya Canon imagulidwa payokha.

Mtundu uliwonse umene musankhe, muuyese kunyumba tsiku la ukwati lisanafike. Fupikitsani miyendo ya tripod, muiimike pafupi ndi matiresi, lamba wa kamera ali m'khosi mwanu, ndipo mupendeketse mutu kutsogolo, kumbuyo ndi kumbali, mukuona ngati clamp ikuzungulira pa labala kapena puleti ikusuntha pa kamera. Ngati mwatenga ya Arca, onani kuti timasikuluwu tiwiri totchinga ta kumapeto kwa puleti tilipo, chifukwa ndi timene timaletsa kamera kutsetsereka mpaka pansi kagudumu kakakhwefuka. Mukagula, tumizani chithunzi cha mutuwo clamp ili pamwamba kuti tione ngati kagudumu kapena chogwirira chili ndi mpata wokwanira.