Foni yatsopano ili pafupi kutuluka, malire a mtengo ndiwaike pati?

Wofunsa: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Samsung yatsala pang'ono kulengeza Galaxy S yatsopano ndipo mtengo sunamveke. Ndikufuna ndiikiretu malire ndisanaione, kuopa kuti mtima ungandinyenge. Mtengo woyenera mumauwerengera bwanji? Nanga kulipiriratu isanafike m'masitolo n'kwanzeru?

Yankho 1: Achemwali, musayambire pa mtengo, yambirani pa zaka. Tengani mtengo wa foni muugawe ndi zaka zimene idzakutumikireni. Galaxy S24 inatuluka mu January 2024 pa madola 799 ku America, ndi lonjezo la ma update (zokonza ndi kuwonjezera mapulogalamu oyendetsa foni) a zaka 7. Mukaisunga zaka 5, ndiye kuti ikukudyerani madola pafupifupi 160 pachaka. Foni ya madola 400 imene ma update ake amathera pa zaka ziwiri ikudya 200 pachaka, ngakhale imaoneka yotchipa.

Koma musawerengere zaka 7 zonsezo ngati zaulere. Chimene chimayamba kufooka ndi batire. Apple imanena kuti batire ya iPhone 14 imatsala ndi 80 peresenti ya mphamvu zake ikatchajidwa modzaza maulendo 500, pomwe ya iPhone 15 imafika 1,000. Kwa munthu amene amamaliza batire tsiku lililonse, maulendo 500 sakwana ndi chaka ndi theka chomwe. Ndiye pa masamu anuwo onjezani mtengo wosinthitsa batire kamodzi. Ngati mukudziwa kuti foni mumasintha pakatha zaka ziwiri, musalipirire lonjezo la zaka 7, si lanu.

Yankho 2: Ndiwonjezepo. Mtengo umene amatchula pa tsiku lolengeza si umene mudzatulutse m'thumba. Wa ku America sukhala ndi msonkho. M'bokosi mulibe mutu wa tchaja, Apple inauchotsa pa iPhone 12 mu 2020, Samsung n'kutsatira pa S21 mu 2021. Kava ndi galasi loteteza sikirini n'zogula padera. Komanso kuyambira pa S21 mulibe poika memori khadi, choncho 128GB ikadzaza yadzaza. Ngati mumajambula mavidiyo, werengerani ya 256GB.

Yankho 3: Za kulipiriratu ine ndikuti ayi. Dikirani milungu inayi kapena isanu ndi umodzi anthu ayambe aigwiritsa ntchito. Kutentha, batire kutha msanga ndi mavuto a kamera zimaululika nthawi imeneyo. Galaxy Note 7 inatuluka mu August 2016, pofika October anasiya kuipanga chifukwa mabatire ankayaka. Ndipo mtengo umatha kugwa: iPhone yoyamba mu 2007 inatsika ndi madola 200 patangopita miyezi iwiri.

Yankho 1: Pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono, achimwene. Samsung yakhala ikupereka memori yowirikiza kawiri pa mtengo womwewo kwa olipiriratu. Ngati munkafuna kale 256GB, mwapulumutsa ndalama. Chofunika n'kuwerenga malamulo obwezera katundu musanalipire, mudziwe masiku amene akupatsani.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Nanga nditagula yochokera kudziko lina poti imatchipirapo?

Yankho 2: Samalani, dzina limodzi silitanthauza foni imodzi. S24 ya ku America inali ndi purosesa (ubongo wa foni) ya Snapdragon 8 Gen 3, pomwe ya ku Ulaya inali ndi Exynos 2400. Ma iPhone a ku America kuyambira pa 14 alibe poika SIM khadi, ndi eSIM yokha, SIM ya m'kati mwa foni yosafuna khadi. Funsani nambala ya modelo, muone ngati ikugwirizana ndi netiweki imene mumagwiritsa ntchito, ngati siinatsekeredwe ku kampani imodzi, komanso ngati waranti imagwira kumene muli. Chimodzi mwa izi chikasowa, chotsani pa malire anu ndalama yokwanira kusinthitsa sikirini kamodzi.