Ulendo wa ku Domboshava ndi anzathu a ku yunivesite, tithandizeni maganizo

Nachisale_UZ:
Moni nonse. Ife ndi kagulu ka ophunzira a Chichewa kuno ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant mumzinda wa Harare, ena ochokera ku Malawi ena anabadwira konkuno ku Mufakose ndi Mabvuku, ndiye tagwirizana kuti mayeso akatha tikakwere phiri ku Domboshava Loweruka lina. Vuto ndi loti komiti yathu ndi ya anthu anayi koma palibe anayendetsapo zoterezi, pagulu la WhatsApp aliyense akungoti "ndilipo, ndilipo" koma ndalama palibe wapereka. Tiyambire pati? Tikwere makombi (maminibasi) wamba kapena tichite hayala? Ena akuti bola ku Lake Chivero kuli madzi ndi kowotchera nyama. Amene munapitako tiuzeni chonde.

Mphwanga wa ku Dzivarasekwa:
Achemwali, yambani ndi ndalama osati malo. Munthu amene sanapereke sanalembetse, basi, ikani tsiku lotseka ndipo msungichuma akhale mmodzi, azilemba dzina ndi ndalama nkuponya pagulu aliyense aone. Muuzane msanga ngati ndi madola kapena EcoCash (ndalama za pa foni) chifukwa pogula zinthu zimavuta wina akabwera ndi ZiG (ndalama ya Zimbabwe) wina ndi ma US ong'ambika oti wogulitsa akukana. Pa mayendedwe chitani hayala kombi yopita ndi kubwera, mumupatse dalaivala theka mmawa theka lina akakutsitsani mtauni madzulo. Popita mutha kuona ngati makombi wamba ndi otchipa koma pobwerera dzuwa litalowa muli anthu ambiri pamseu mudzagawikana, ena kutsala, atsikana kukwera ndi anthu osawadziwa, zimenezo ayi. Kuchokera mtauni kukafika ku Domboshava ndi mtunda wa makilomita ngati 30 kudzera Borrowdale Road, sipatali koma usiku ndi usiku.

Bambo a Chisomo:
Ana anga, za Chivero zisiyeni kaye. Madzi a mmenemo ndi oipa, zonyansa za mtauni zimathera momwemo, ndipo kumapeto kwa 2024 zipembere zinafa zitamwa madzi omwewo, nsomba nazo zinafa zambiri. Ng'ona zilimonso. Gulu la achinyamata pafupi ndi madzi sipalephera wina wofuna kusambira.

Domboshava ndi yabwino koma muilemekeze. Lonselo ndi thanthwe limodzi lalikulu, mthunzi ndi wosowa, mu October mwala umatentha mpaka kumva mkati mwa nsapato, ndiye madzi aliyense anyamule ake malita awiri, asadalire a komiti. Ikagwa mvula ndere za pamwala zimaterera ngati therere, ndipo mphenzi pamwamba paja mulibe pobisala, mukangoona mitambo yakuda yayamba kusonkhana tsikani osadikira kuti tijambule kaye. Miyezi yabwino ndi May mpaka August, kungoti mphepo ya pamwamba imazizira ndipo mu June dzuwa limalowa cha m'ma hafu faifi, ndiye za kuonera dzuwa likulowa zija muwerengere nthawi yotsika. Njira anailemba ndi mivi ya penti pamwala, tsatirani imeneyo. Mmodzi wa komiti akhale kutsogolo wina kumbuyo kwenikweni, wakumbuyoyo asadutse munthu ngakhale akuyenda mwaulesi bwanji. Muwerengane pokwera kombi, pageti, pamwamba ndi pobwerera.

Ku phanga la paphiripo kuli zojambula zakalekale za anthu a mtundu wa San, nyama ndi anthu osaka. Musazigwire, musathirepo madzi kuti zioneke bwino pa foni, musalembe mayina. Mu 1998 munthu wina anazipaka penti ndipo panali ntchito yaikulu kuti aziyeretse, zimandiwawa mpaka pano. Kwa eni dera malowa ndi opatulika, ankapempherako mvula, ndiye sipika yanu ija ya nyimbo itsale mkombi.

Nachisale_UZ:
Zikomo bambo, za mphenzizo sitinaziganizire nkomwe. Nanga pageti amalipiritsa bwanji, komanso zakudya tiphikiretu kapena?

Kamwendo263:
Malowa amayang'anira ndi a National Museums and Monuments of Zimbabwe, mtengo wa nzika ndi wa alendo umasiyana ndiye afunseni sabata isanafike muwauze kuti ndinu gulu la ophunzira, aliyense atenge chitupa ndi ID ya sukulu makamaka anzathu a mapasipoti a ku Malawi. Zakudya ine ndikuti musavutike ndi mapoto aise, buledi, mazira owiritsa, nthochi, mtedza, chakumwa cha Mazoe chosungunula kale, zokwana mchikwama. Tomato ndi masamba mugula mmbali mwa mseu pobwerera, ndi komwe kumachokera zambiri za ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare. Koma pa komiti ya anthu anayi ija gawanani zenizeni, wina ndalama, wina kombi, wina zakudya ndi mapepala otolera zinyalala, wina kabokosi ka mabandeji ndi panado komanso manambala a makolo kapena achibale a aliyense. Mufunsenso mwakachetechete ngati pali wa asima kapena wa shuga. Ndipo ngati muli ndi anzanu oti phiri sangakwanitse musawasiye, nkhalango ya Mukuvisi Woodlands ili mtauni momwemuno, njira zake ndi zosakwera, mutha kukonza ulendo wachiwiri kumeneko. Mukatsimikiza tsiku ndiuzeni, ndili ndi mng'ono wanga wa chaka choyamba angakonde kupita nawo.