Kodi ndisinthe liti dzina pa pasipoti ndikamapita kukakwatiwa ku Britain?

Nachisale wa ku Zomba

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsapo njira imeneyi. Ndine mphunzitsi kuno ku Zomba, ndipo amene akufuna kundikwatira ndi nzika ya Britain, amakhala ndi kugwira ntchito ku Nottingham. Tagwirizana kuti ndipemphe viza ya munthu wopita kukamanga banja, ija ya miyezi 6, kuti ukwati tikachitire komweko, koma pali zinthu zimene zikundisowetsa mtendere pa nkhani ya mayina.

Pasipoti yanga ikutha chaka chamawa. Dzina langa loyamba linalembedwa ndi chilembo cha r pa pasipotipo, pomwe pa chitupa cha unzika lili ndi l. Pa satifiketi ya MSCE dzina langa lachiwiri ndi dzina la bambo anga lenileni, chifukwa ndi limene anandilembetsa nalo kusukulu, koma pa pasipoti ndi pa chitupa cha unzika pali mfunda wathu. Pamwamba pa zonsezi, ndimafuna kuti ndikakwatiwa ndidzatenge dzina la amuna anga. Ena akundiuza kuti nditengeretu pasipoti yatsopano yokhala ndi dzina lawo ndisananyamuke kuti ndisadzalipire kawiri, ena akuti ndisakhudze chilichonse. Makolo anga nawonso akufuna kuti chinkhoswe chichitike ndisanakwere ndege, ndipo sindikuona chifukwa chowakanira. Kodi choyamba ndi chiti, ndipo chotsiriza ndi chiti?

Mayi a ku Leeds

Achemwali, amene akukuuzani kuti mutengeretu pasipoti m'dzina la amuna anu akukusocheretsani, ngakhale kuti mwina akunena ndi mtima wabwino. Panopa mulibe satifiketi ya ukwati imene ingaikire umboni dzinalo, ndipo viza imene mukupemphayo ndi ya munthu amene sanakwatiwe. Mukaonekera ndi pasipoti ya dzina la bwenzi lanu, wowerenga mafomu anu adzayamba kudzifunsa ngati munakwatirana kale, ndipo funso limenelo simukulifuna pa nthawi imeneyi.

Chimene muyenera kukonza lero ndi kusiyana kwa l ndi r kuja. Sankhani kalembedwe kamodzi, ndipo ngati kolondola ndi ka pa pasipoti, pitani ku National Registration Bureau akakonze chitupa cha unzika. Ngati kolondola ndi ka pa chitupa, ndiye kuti pasipoti yatsopano ituluke motero. Popeza yanu ikutha chaka chamawa, ine ndikanakhala inu ndikanatenga yatsopano ndili kwathu komweko, m'dzina la kwanu, ndisanalembe fomu iliyonse ya viza. Chifukwa chake ndi chakuti mapepala onse otsatira amatengera zimene zili pa pasipoti. Mayeso a Chingerezi a mulingo wa A1 amalembedwa m'dzina la pa pasipoti, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2. Satifiketi yoyezetsa chifuwa chachikulu, imene aliyense wopempha viza imeneyi ali ku Malawi amafunika kukhala nayo kuchokera ku chipatala chovomerezeka ndi Home Office (unduna wa boma la Britain woona za olowa m'dzikolo), imagwira ntchito miyezi 6 yokha, choncho imeneyo muitenge kumapeto. Tikiti ya ndege nayonso iyenera kufanana ndi pasipoti chilembo ndi chilembo, kaya mudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg.

Za satifiketi ya MSCE musade nazo nkhawa kwambiri pa viza imeneyi, chifukwa sadzaifuna. Idzafunika mukadzayamba kufuna ntchito kapena sukulu, ndipo pa nthawiyo chimene chimathandiza ndi kalata yolumbira pamaso pa loya kapena woweruza milandu yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Ilembetseni musananyamuke, pamene makolo anu ali pafupi ndipo angathe kuikira umboni. Komanso pa fomu ya viza pali funso lakuti kodi munadziwikapo ndi dzina lina. Pamenepo lembani dzina la pa satifiketi ija mosabisa. Kusiyana kwa mayina kumene mwakufotokoza nokha sikuvuta, koma kumene akakutulukira okha kumaoneka ngati chinyengo.

Mukafika kuno, miyezi 6 ija ndi yochepa kuposa mmene imamvekera. Ku England ndi ku Wales simungapereke chidziwitso cha ukwati ku ofesi yolembetsa maukwati mpaka mutakhala m'dera la ofesiyo masiku 7, ndipo mukapereka chidziwitsocho pamayenera kudutsa masiku 28 athunthu ukwati usanachitike. Maofesi ena amakhala odzaza, makamaka miyezi yotentha pamene maukwati amachuluka, choncho bwenzi lanu asungitsiretu tsiku lokapereka chidziwitso viza ikangotuluka. Pa satifiketi ya ukwati padzalembedwa dzina limene muli nalo pa tsikulo, lomwe ndi la kwanu, ndipo zimenezo n'zolondola. Satifiketiyo sisintha dzina la munthu yokha, imangokhala umboni umene mungagwiritse ntchito mukafuna kusintha.

Ukwati ukachitika, pemphani chilolezo chokhala kuno ngati mkazi wa nzika viza yoyamba ija isanathe, ndipo mupemphe m'dzina la pa pasipoti. Chilolezo chimenecho ndi cha zaka 2 ndi miyezi 6. Pamene mukudikira yankho musatuluke kupita ku Malawi kapena ku maiko ena akutali, chifukwa mukatero pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa nokha. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poganiza kuti athamangire kwawo kukasintha pasipoti ali mkati modikira. Lamulo la Home Office ndi lakuti dzina la pa chilolezo chanu lizifanana ndi la pa pasipoti ya dziko lanu, motero dongosolo lake ndi ili: chilolezo chituluke kaye, kenako musinthe mapepala a ku Malawi, ndipo pomaliza mulowe mu akaunti yanu ya pa intaneti ya UKVI (nthambi ya Home Office yoona za maviza) n'kuikamo pasipoti yatsopanoyo. Makhadi a BRP, amene ankasonyeza chilolezo cha munthu chokhala kuno, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo tsopano chilolezo chimakhala pa intaneti, cholumikizidwa ndi nambala ya pasipoti. Mukatenga pasipoti yatsopano koma osailowetsa mu akauntiyo, a ndege akhoza kukuimitsani pa kauntala ku Kamuzu International Airport chifukwa kompyuta yawo sikukuonani.

Bambo a ku Manchester

Mayi a ku Leeds afotokoza bwino za dongosolo la mapepala, koma ine ndaima pa mawu anu otsiriza, a chinkhoswe, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Lamulo la Malawi la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kwa boma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, komanso wa chikhalidwe. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akakumana, nkhuku n'kusinthana, anthu n'kuchitira umboni kuti awa ndi banja, kwa ambiri a ife pamenepo ukwati wamangidwa ndithu. Dziko la Britain limazindikira ukwati umene ndi wovomerezeka m'dziko limene unachitikira. Choncho mukachita chinkhoswe chonse mwa mwambo wake kenako n'kupempha viza ya munthu wosakwatiwa, mukhoza kupezeka kuti mwapempha viza yosayenera, ndipo zithunzi za chinkhoswe zimene mungaike monga umboni wa chibwenzi chanu ndi zomwezo zimene zingadzutse mafunso. Ku ofesi yolembetsa maukwati nakonso adzakufunsani ngati munakwatiwapo, ndipo yankho lake limaperekedwa molumbira.

Ine maganizo anga ndi akuti muganizirenso za njira ina. Ngati makolo akufuna kuona mwana wawo akulowa m'banja, bwenzi lanu abwere ku Malawi, chinkhoswe chichitike, ukwati ulembetsedwe kwa boma ndipo mutenge satifiketi yake. Mukatero muli ndi umboni wa dzina latsopano muli kwanu komweko. Mutha kusintha chitupa cha unzika, kenako pasipoti, kenako n'kulemba mayeso a Chingerezi, kuyezetsa chifuwa ndi kupempha viza ya mkazi wokwatiwa, zonse m'dzina limodzi kuyambira pachiyambi. Viza imeneyo ndi ya zaka 2 ndi miyezi 9, imakulolani kugwira ntchito tsiku limene mwafika, pomwe ya miyezi 6 ija sikulolani kugwira ntchito mpaka chilolezo chachiwiri chitatuluka. Mumalipiranso pempho limodzi m'malo mwa awiri, ndipo zaka 5 zofikira chilolezo chokhazikika zimayamba kuwerengedwa mukangofika, pomwe miyezi imene munthu wakhala pa viza ya chibwenzi siwerengedwa.

Choipa chake ndi chakuti mudzakhala motalikirana ndi amuna anu mutakwatirana kale, mukudikira pasipoti ndi viza, ndipo zimenezo si zopepuka kwa banja latsopano. Muyeneranso kukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima kwa milungu ingapo, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta ake anasokonezedwa ndi akuba a pa intaneti. N'chifukwa chake ndikunena kuti mapepala a kwa amuna anu musawasonkhanitse pasipoti isanafike m'manja. Kuyambira pa 11 Epulo 2024 wokuitanani ayenera kuonetsa kuti amapeza mapaundi 29,000 pa chaka, ndipo kwa munthu wolembedwa ntchito umboni wake ndi mapepala a malipiro ndi a kubanki a miyezi 6, lomaliza lisapitirire masiku 28 pa tsiku lopereka pempho. Akawasonkhanitsa msanga, pasipoti n'kuchedwa, ayenera kuyambanso.

Namwino wa ku Coventry

Ndiwonjezere chimodzi chimene sichinatchulidwe. Palibe lamulo ku Britain lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna wake, ndipo Home Office sikayikira ukwati chifukwa chakuti mkazi wasunga dzina la kwawo. Ine ndinasunga langa pa mapepala onse chifukwa satifiketi zanga za unamwino ndi kalembera wanga wa ntchito zili m'dzina limenelo, koma kutchalitchi ndi kwa apongozi amanditchula ndi dzina la amuna anga ndipo ndimayankha mokondwa. Inu ndinu mphunzitsi, ndipo mapepala anu a sukulu ali kale ndi dzina losiyana ndi la pa pasipoti. Mukawonjezera lachitatu, aliyense wofuna kukulembani ntchito mudzayenera kumufotokozera mayina atatu ndi makalata awiri olumikiza mayinawo. Sindikunena kuti musasinthe, chifukwa ndikudziwa kuti kwa ena dzina limeneli ndi chinthu cha mumtima, koma muyese kulemera kwake musanasankhe.

Nachisale wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Za chinkhoswe sindinaziganizirepo motero, ndipo ndikambirana ndi amalume anga komanso bwenzi langa sabata ino. Vuto ndi lakuti amayi a bwenzi langa ndi okalamba ndipo sangathe kukwera ndege kubwera kuno, n'chifukwa chake tinasankha kukachitira ukwati ku Nottingham. Ngati tikhalabe pa njira imeneyi, kodi ndingathe kuyamba kugwiritsa ntchito dzina la amuna anga ku banki ndi kuchipatala ukwati ukangochitika, pasipoti n'kudzasintha pambuyo? Nanga ndikatenga pasipoti yatsopano panopa, si ndiye kuti ndidzalipiranso ina posachedwa?

Mayi a ku Leeds

Achemwali, mabanki ambiri ndi madokotala amalola kusintha dzina mukawaonetsa satifiketi ya ukwati, koma ine sindikulangizani kutero pasipoti isanasinthe. Wolemba ntchito akafuna kutsimikiza kuti muli ndi ufulu wogwira ntchito, mumamupatsa nambala yochokera mu akaunti ya UKVI, ndipo pa kompyuta yake pamatuluka chithunzi chanu ndi dzina la pa pasipoti. Ngati akaunti ya kubanki ili m'dzina lina, a malipiro amayamba kubwerera kwa inu ndi mafunso. Eni nyumba ku England nawonso amachita kafukufuku wofanana ndi ameneyu asanakubwereketseni nyumba. Komanso mukamadzawonjezera chilolezo pakatha zaka 2 ndi theka, mudzafunika makalata osonyeza kuti inu ndi amuna anu mwakhala pa adiresi imodzi nthawi yonseyi, monga a khonsolo, a magetsi ndi a kubanki, ndipo zimayenda bwino onse akakhala ndi dzina lofanana ndi la pa chilolezo.

Za kulipira kawiri, inde mudzalipira ngati mudzasinthe dzina, koma mtengo wa pasipoti ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama za viza ndi za chithandizo cha kuchipatala, poti za kuchipatalazo zokha kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse cha chilolezo. Nthawi yabwino yosinthira ndi pakati pa chilolezo choyamba cha zaka 2 ndi theka, pamene mulibe pempho lililonse lodikira yankho ndipo mungathe kupita kwathu patchuthi mutanyamula satifiketi ya ukwati yeniyeni, osati fotokope. Itanitsani masatifiketi awiri kapena atatu ku ofesi imene mudzakwatirire, chifukwa maofesi ena amasunga imene mwawapatsa kwa kanthawi. Mugule tikiti yopita m'dzina lakale, ndipo yobwerera ikhale yotheka kusintha, popeza iyenera kufanana ndi pasipoti imene mudzakhale nayo pobwerera.

Musachedwetsenso mpaka kumapeto kwenikweni. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018, choncho mukadzafuna unzika wa Britain mudzatha kusunga pasipoti ya kwathu, koma ofesi ya mapasipoti ya kuno imafuna kuti dzina la pa pasipoti ya Britain lifanane ndi la pa pasipoti ina imene munthu ali nayo. Pa nkhani ya chinkhoswe, ngati ukwati ukhale wa ku Nottingham, pemphani amalume anu kuti musananyamuke mabanja angodziwana ndi kukudalitsani, ndipo mwambo wonse wa ankhoswe udzachitike pa ulendo womwewo wodzasintha pasipoti, amuna anu ali pomwepo.