Ndichotse bwanji njere mu thonje pakhomo?

NaPhiri, Chilomoni
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndimasoka mapilo ndi tizidole ta ana. Apongozi anditumizira matumba awiri a thonje kuchokera ku Ngabu, loyera mbuu, koma likadali ndi njere zake. Ndikumatola ndi zala usiku ana akagona, zala zatupa koma thumba silikutsika n'komwe. Kodi pali njira yachangu yosafuna makina akuluakulu? Nanga njerezi ndingapatse nkhuku zanga za mikolongwe?

Bambo a Chisomo, Bangwe
Mayi, yambani mwaliyanika padzuwa mpaka njere izithetheka mukailuma. Thonje lachinyontho limakakamira njere, mungavutike pachabe. Agogo anga ku Chikwawa ankayala pang'ono pa mwala wosalala n'kumagudubuza kachitsulo kowongoka ndi zikhatho zonse ziwiri. Njere zimathawira kutsogolo, thonje n'kutsalira m'mbuyo. Musaunjike lambiri, ndipo musakanikize kwambiri, chifukwa njere ikasweka mafuta ake amathimbiriritsa thonje, pilo n'kumadzanunkha. Ngati ntchitoyi ikhala ya chaka ndi chaka, pitani kwa akalipentala a ku Ndirande akupangireni timipini tiwiri togundana tokhala ndi chopukusira. Thonje limadutsa pakati, njere zimakanika n'kugwera pansi. Ku India akhala akutero kwa zaka mazanamazana.

Che Jana, Limbe
Mungokonzekera mtima, achemwali, matumbawo achepa kwambiri. Pa makilogalamu 10 mupezapo atatu ndi theka kapena anayi a thonje lenileni, enawo ndi njere. Ndipo si ulesi wanu ayi. Ndi zala zokha munthu amatha tsiku lathunthu pa theka la kilogalamu, n'chifukwa chake makina ochotsa njere amene mkulu wina dzina lake Eli Whitney anapanga mu 1793 anasintha ulimi wonse wa thonje ku America. Ine ndikanati theka mugulitse kwa ogula thonje, ndalamayo mugulire siponji.

Mayi a Tadala, Chirimba
Nkhukuzo ayi, chonde! Njere za thonje zili ndi poizoni wotchedwa gossypol, amadwalitsa nkhuku ndi nkhumba, ngakhale mazira amasintha mtundu. Ng'ombe zikuluzikulu ndiye zimapirira, nazonso pang'onopang'ono. Musabwezenso kumudzi kuti akabzale, mbozi ya pinki yowononga thonje imabisala m'njere momwemo.

NaPhiri, Chilomoni
Zikomo nonse. Ndayanika kale pamkeka, kachitsulo ndikafuna mawa mu msika wa Ndirande. Siponji ayi Che Jana, makasitomala anga amati imatentha mutu mwezi wa Okutobala. Bambo a Chisomo, kachitsuloko kakhale konenepa bwanji?